Mmene Fangasi Amadziwira Kumene Wafika

Bowa amene timazula mvula ikagwa, kaya ndi utale, ndelema kapena manyame, ali m'banja limodzi ndi yisiti wofufumitsa mandasi, chuku chimene chimagwira mtedza wosauma bwino, ndiponso kachilombo koyambitsa zipere m'mutu mwa mwana. Banja lonseli akatswiri amalitchula kuti mafangasi, ndipo ndi lalikulu zedi. Mitundu imene inapatsidwa kale mayina ndi pafupifupi 150,000, koma mu 2017 David Hawksworth ndi Robert Lücking anawerengetsera kuti yonse pamodzi ingakhale pakati pa 2.2 miliyoni ndi 3.8 miliyoni. Pa chinamtindi chonsechi, mitundu yodwalitsa munthu ndi mazana ochepa chabe, ndipo imene imapha anthu kawirikawiri ndi yowerengeka.

Chimene chimatiteteza kwambiri ndi kutentha kwa thupi lathu. Munthu amakhala pa madigiri 37 Celsius usana ndi usiku, pamene mafangasi ambiri amakonda malo ozizirirapo ndi achinyontho. Mu 2009 Vincent Robert ndi Arturo Casadevall anasanthula zolembedwa za mafangasi 4,802 osungidwa m'labotale ndipo anapeza kuti pakati pa madigiri 30 ndi 40, digiri imodzi ikangowonjezereka, mafangasi ena 6 pa 100 alionse amasiya kukula. N'chifukwa chake zomera, achule ndi tizilombo touluka zimazunzika ndi mafangasi kuposa ife. Izo thupi lawo limatsatira kutentha kwa kunja.

Nanga ochepa amene amakwanitsa kukhala mwa ifewo amatha bwanji? Ambiri tingaganize za poizoni, koma gwero la nkhani lili pena. Selo la fangasi lilibe maso, makutu kapena ubongo, komabe limadziwa kuti lachoka pakhungwa la mtengo n'kulowa m'mapapo. Limamva kuti kwatentha, mpweya wasintha, chakudya chasowa, ndipo m'maola ochepa limasintha maonekedwe ndi khalidwe. Fangasi yemweyo amene dzulo anali chete m'dothi, lero ndi mdani. Ntchito yomva ndi kuyankhayi imagwiridwa ndi mapuloteni onyamula uthenga m'kati mwa selo.

Njira ya uthenga

Kumudzi kukagwa zovuta, uthenga suyenda chisawawa. Mwini mbumba amakauza nyakwawa, nyakwawa amakagwada kwa amfumu, amfumu amatuma anyamata, ndipo mnyamata aliyense amagogoda makomo angapo. Posakhalitsa mawu amene anatuluka pakamwa pa munthu mmodzi asanduka makasu opita kumanda, mitolo ya nkhuni, ufa ndi zidebe za madzi. Mnyamata mmodzi akapanda kufika kumene anatumidwa, mbali yonseyo ya mudzi imagona osadziwa kanthu. M'selo zimayendanso chimodzimodzi.

Pakhungu la selo pamakhala mapuloteni olondera, mbali ina ili kunja, ina m'kati. Chinthu chakunja chikawakhudza, kaya ndi shuga kapena fungo la selo linzake, amapindika, ndipo kupindikako kumadzutsa puloteni ya m'kati yotchedwa G protein. Imeneyi ikagwira kanthu kotchedwa GTP imayamba ntchito, ikakadula n'kukhala GDP imaleka. Pa nthawi yochepa imene ili pantchitoyo imadzutsa puloteni ina, adenylyl cyclase, imene imapanga timamolekyu tambirimbiri totchedwa cAMP. Timeneti timamwazikana m'selo monse n'kukamasula puloteni yotchedwa protein kinase A.

Ma kinase ndi gulu la mapuloteni amene ntchito yawo ndi kumata kachidutswa ka fosifeti pa mapuloteni anzawo. Puloteni ikamatidwa fosifeti imasintha kaumbidwe, ndiye imayamba ntchito kapena kuisiya. Palinso gulu lina, ma phosphatase, limene limamatula fosifetiyo. Pamapeto pake uthenga umafika kumene kumasungidwa DNA, ndipo majini ena, kutanthauza zigawo za DNA zosunga malangizo opangira mapuloteni, amatsegulidwa pamene ena amatsekedwa.

Njira ya cAMP si yokhayo. Pali ina ya ma kinase atatu otsatizana, woyamba kudzutsa wachiwiri, wachiwiri kudzutsa wachitatu, amene amatchedwa MAP kinase. Pali inanso imene imayamba kashiamu akalowa m'selo mwadzidzidzi n'kudzutsa phosphatase yotchedwa calcineurin. Njira zitatuzi ndi zimene tizikumana nazo m'nkhani ino.

Anthu amene anatulukira zimenezi sankafufuza za mafangasi n'komwe. Earl Sutherland anapeza cAMP m'zaka za m'ma 1950 pofuna kudziwa mmene adrenaline amauzira chiwindi kuti chitulutse shuga, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1971. Edmond Fischer ndi Edwin Krebs anaona kumata ndi kumatula kwa fosifeti m'minofu ya akalulu, n'kulandira mphoto yomweyo mu 1992. Alfred Gilman ndi Martin Rodbell anailandira mu 1994 chifukwa cha ma G protein. Ndiye kuti zipangizo zonyamulira uthenga zimene zili mwa fangasi zilinso mwa inu ndi ine. Paja pa chibale cha zamoyo, fangasi ali pafupi ndi nyama kusiyana ndi zomera. Mfundo imeneyi itivutitsa tikafika pa mankhwala.

Kuti adziwe ntchito ya puloteni inayake, akatswiri amachotsa jini yake mwa fangasi n'kuona chimene chasokonekera. Njira yosavuta kuimvetsayi ndi imene inabala pafupifupi zonse zimene zikubwera kutsogoloku.

Patsamba la mpunga

Malo amene zimenezi zimaonekera bwino kwambiri ndi m'munda wa mpunga. Fangasi wotchedwa Magnaporthe oryzae amayambitsa matenda amene alangizi amawatchula kuti rice blast. Masamba amachita mawanga osongoka uku ndi uku, otuwa pakati, ofiirira m'mbali. Matendawa akagwira pakhosi pa ngala, ngala yonse imayera n'kukhala yopanda kanthu. Akatswiri amati mpunga umene umawonongeka chaka chilichonse ungadyetse anthu 60 miliyoni.

Tiyeni tione pafupi. Kambewu ka fangasiyu, kosaoneka ndi maso, kali ndi maselo atatu. Kamatera patsamba usiku, m'dontho la mame, n'kudzimata ndi ulimbo umene kamatulutsa kunsonga kwake. Kenako kamatulutsa kaulusi kakafupi kamene kamakwawa patsambapo, kakufufuza. Kaulusiko kakamva kuti pamene kali ndi polimba, poterera ndi phula la tsamba, kamaleka kukula. Nsonga yake imatupa n'kusanduka kanthu kozungulira kotchedwa appressorium, kamene kamadzikuta ndi khungu lakuda la melanin, mtundu wa utoto wofanana ndi umene umadetsa khungu lathu. Maselo atatu a kambewu kaja amadzigaya okha n'kufa, ndipo zonse zimene anali nazo zimatsanulidwira m'kanthu kozungulirako.

M'kati mwake mumadzaza mankhwala otchedwa glycerol, monga anasonyezera Nick Talbot ndi anzake ku yunivesite ya Exeter mu 1997. Glycerol amakoka madzi a mame aja, koma melanin samulola kutuluka. Madzi akamalowa, mphamvu yokankha imakwera mpaka kufika pa 8 megapascal, kuwirikiza pafupifupi ka 40 mpweya wa m'tayala la galimoto. Mphamvu yonseyi imalunjikitsidwa pa kamsomali kamodzi kopyapyala pansi pake, ndipo khungu la tsamba limabooka. Richard Howard ndi anzake, amene anayeza mphamvuyi mu 1991, anaona fangasiyu akuboola ngakhale pulasitiki. Pakapita pafupifupi tsiku limodzi fangasiyo amakhala ali m'kati, ndipo pakapita masiku anayi kapena asanu mawanga aja amayamba kuonekera.

Chimene chimalamula zonsezi ndi uthenga. Kambewu kakaikidwa pamalo osaterera, okonda madzi, sikapanga appressorium. Koma mu 1993 Yong-Hwan Lee ndi Ralph Dean anathira cAMP pamalo oterowo, ndipo kanapanga, ngati kuti kali patsamba. Fangasi ananamizidwa. Iye saona tsamba, amangomvera cAMP.

Mu 1996 Jin-Rong Xu ndi John Hamer a ku yunivesite ya Purdue anachotsa jini ya MAP kinase imodzi yotchedwa Pmk1. M'mbale ya mu labotale fangasiyo ankakula bwinobwino, koma patsamba kaulusi kake kankangotupa pang'ono osapanga appressorium. Atamuthandiza mwa kukanda tsamba kuti alowe mwaulere, analepherabe kufalikira. Chodabwitsa china chinali chakuti Pmk1 ndi m'bale weniweni wa puloteni imene yisiti wa buledi amagwiritsa ntchito pomva fungo la mnzake wokwatirana naye. Atayiika mwa yisiti amene anachotsedwa yake, yisitiyo anayambanso kukwatirana. Chipangizo ndi chimodzi, koma wina amamvera nacho mnzake, wina amamvera nacho tsamba. Pambuyo pake zinapezeka kuti mafangasi ena ambiri owononga mbewu nawonso sangathe kanthu popanda puloteni ya mtundu umenewu. Mu 2018 gulu la Talbot linasonyezanso kuti Pmk1 yomweyo ndi imene imauza ulusi wa fangasi kuti uwonde kuti udutse m'timipata tolumikiza selo la mpunga ndi linzake.

Nkhaniyi si yakutali. Mtundu wina wa fangasi yemweyu umagwira tirigu. Unaonekera koyamba ku Paraná m'dziko la Brazil mu 1985, unafika ku Bangladesh mu 2016, ndipo m'nyengo ya mvula ya 2017 mpaka 2018 unapezeka ku Mpika m'dziko la Zambia, koyamba mu Africa.

Mlendo wa m'kamwa

Candida albicans amakhala m'kamwa, m'matumbo ndi kumaliseche kwa anthu ambiri athanzi popanda vuto lililonse. Akakhala pamtendere amakhala timaselo tozungulira timene timachulukana mwa kuphuka timatuza. Koma akamva zinthu zingapo pamodzi, monga kutentha kwa madigiri 37, madzi a m'magazi ndi mpweya wa carbon dioxide wochuluka, puloteni yotchedwa Ras1 imadzutsa njira ya cAMP, ndipo selo limatalika n'kusanduka ulusi woboola minofu. Mu 1997 gulu la Gerald Fink ku Whitehead Institute linachotsa majini awiri, CPH1 ndi EFG1, amene ali kumapeto kwa njira ziwiri za uthenga. Candida wotereyu analephera kupanga ulusi, ndipo mbewa zimene anabayidwa nazo sizinafe. Poizoni aliponso ndithu: anatulukiridwa mu 2016 n'kupatsidwa dzina lakuti candidalysin. Komatu amatulutsidwa ndi ulusi wokha. Popanda uthenga wouza selo kuti litalike, jini ya poizoniyo imangokhala yotseka. Zoyera zimene zimamera palilime ndi kukhosi kwa munthu amene chitetezo chake chatsika ndi Candida yemwe uja, atapeza mpata.

Wa mumtengo wa tsanya

Fangasi amene watilanda anthu ambiri kuno kwathu ndi Cryptococcus neoformans. Anadziwika mu 1894 kawiri: Francesco Sanfelice anamupeza m'madzi a mapichesi ku Italy, pamene Otto Busse ndi Abraham Buschke anamupeza m'fupa la mwendo wa mayi wina wodwala ku Germany. M'zaka za m'ma 1950 Chester Emmons anasonyeza kuti amachuluka m'zitosi za nkhunda. Amakhalanso m'mphako ndi m'makungwa a mitengo, ndipo akatswiri amupeza m'mitengo ya tsanya ku Botswana ndi ku Zambia, mwa mitundumitundu moti ena amaganiza kuti kwawo kwenikweni ndi kumwera kwa Africa kuno.

Timamupuma ndi fumbi, ambirife tikadali ana, ndipo chitetezo cha m'thupi chimamupha kapena kumutsekera m'mapapo kwa zaka zambiri. Chitetezocho chikagwa, makamaka maselo a CD4 akatsika kufika pansi pa 100, amadzuka n'kuyenda ndi magazi kupita ku ubongo, kumene amayambitsa matenda oumitsa khosi. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2022 anawerengetsera kuti chaka chilichonse anthu 152,000 amene ali ndi HIV amadwala matendawa ndipo 112,000 amafa, ambiri mwa iwo kumwera kwa chipululu cha Sahara. Pa imfa 100 zilizonse zokhudzana ndi Edzi, 19 zimachokera kwa iye. Chaka chomwecho bungwe la WHO litatulutsa mndandanda wake woyamba wa mafangasi 19 oopsa, linamuika m'gulu lapamwamba kwambiri.

Kuti achoke mumtengo n'kufika ku ubongo, amayenera kuchita zinthu zitatu, ndipo chilichonse chimadikira uthenga wake.

Choyamba ndi kupirira kutentha kuja. Mu 1997 Audrey Odom, akugwira ntchito m'labotale ya Joseph Heitman ku yunivesite ya Duke, anachotsa jini ya calcineurin. Pa madigiri 24 fangasiyo ankakula ngati palibe chachitika. Pa madigiri 37 analephereratu, ndipo sanathe kudwalitsa akalulu oyeserapo. Puloteni imodzi yomatula fosifeti ndi imene inasiyanitsa chamoyo cha mumtengo ndi chakupha. Mu 2000 zinapezeka kuti Ras1 nayenso amafunika pa kutentha komweko. Apa tingamvetse chifukwa chake nkhunda zenizenizo sizidwala kawirikawiri ngakhale zitosi zake zili zodzaza: thupi la mbalame limatentha kupitirira madigiri 40, pamene Cryptococcus amakhala atafika pamapeto pa mphamvu zake.

Chachiwiri ndi chikuto. Mumpweya wakunja carbon dioxide ndi 0.04 peresenti yokha, pamene m'thupi amafika cha m'ma 5 peresenti. Ayironi nayenso thupi limamubisa dala kuti tizilombo timusowe. Fangasi akamva ziwirizi, cAMP imakwera ndipo selo limadzikuta ndi chikuto chochindikala, choterera, chopangidwa ndi shuga wolukanalukana. Maselo a chitetezo amene ntchito yawo ndi kumeza tizilombo amavutika kuchigwira. Wa mu labotale ya chipatala amachiona ndi maso ake: amadontheza inki yakuda m'madzi otengedwa pamsana pa wodwala, ndipo pa maikulosikopu ponse pamada bii, kupatula timaselo tozungulira, kalikonse kali ndi mkombero woyera mbee umene inki yalephera kulowamo. Mkomberowo ndiwo chikutocho. Maselo okutidwawa, pamodzi ndi zidutswa za chikuto, amatseka njira zimene madzi a mu ubongo amatulukira. Madziwo amadzazana, ndipo apa ndi pamene pamachokera mutu wosamva panado, kusanza, kuona zinthu ziwiriziwiri, mwinanso khungu.

Chachitatu ndi melanin. Mu 1962 Friedrich Staib anaona kuti fangasiyu akamera pa chakudya chopangidwa ndi njere za niger, zimene amadyetsa mbalame, amasanduka wofiirira moderako pamene mayisiti ena amakhala oyera. Mpaka lero ma labotale amamuzindikira motero. Utotowu umamuteteza ku mankhwala oyaka amene maselo a chitetezo amathira pa tizilombo. Kuti aupange amagwiritsa ntchito zinthu monga dopamine, zimene mu ubongo zilimo zambiri, ndipo akatswiri amaganiza kuti chimenechi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene amakondera kumeneko.

Chikuto ndi melanin zimaoneka zosiyana, koma mu 1997 Andrew Alspaugh, John Perfect ndi Heitman anasonyeza kuti zimamvera wolamula mmodzi. Atachotsa G protein yotchedwa Gpa1, fangasi analephera kukulitsa chikuto, analephera kuda, ndipo mphamvu zake zodwalitsa zinatsika kwambiri. Atamuthira cAMP, chikuto ndi kuda zinabwerera.

Pali chinanso chimene chinadziwika bwino mu 2010 kudzera m'magulu a Kirsten Nielsen ndi Oscar Zaragoza. Selo la Cryptococcus nthawi zambiri limakhala la mamaikulomita 5 mpaka 7, ndipo maikulomita imodzi ndi gawo limodzi la magawo 1,000 a milimita. Koma m'mapapo ena mwa maselowa amakula mpaka mamaikulomita 100, moti palibe selo la chitetezo limene lingawameze. Kukula kumeneku nakonso kumadalira njira ya cAMP.

Funso limene limandisangalatsa kwambiri pa zonsezi ndi ili: fangasi wa mumtengo anaphunzira kuti kulimbana ndi chitetezo cha munthu? Iye safuna munthu kuti akhale ndi moyo. Matendawa sapatsirana, ndipo wodwala akamwalira fangasi amene anali mwa iye wathera pomwepo. Yankho limene lili ndi umboni wabwino linachokera ku gulu la Casadevall mu 2001. M'dothi muli tizilombo ta selo limodzi totchedwa amiba, timene timadya mwa kumeza, monga mmene amachitira maselo athu a chitetezo. Cryptococcus wokhala ndi chikuto akamezedwa ndi amiba amapulumuka, amachulukana m'kati, mpaka kumupha. Wopanda chikuto amagayidwa. Ndiye kuti zida zimene zimatipha zinasulidwa kalekale polimbana ndi adani a m'dothi. Akalowa mwa ife amamva zizindikiro zangozi zimene anazizolowera, n'kuyankha monga mwa nthawi zonse.

Bwanji osangomugonthetsa?

Munthu akamva zonsezi amaganiza msanga kuti mankhwala apezeka: tsekani calcineurin, fangasi afa yekha ndi kutentha kwa thupi. Mankhwala otseka calcineurin alipodi, ndipo ndi akalekale. Cyclosporin anachokera kwa fangasi wina wopezeka m'dothi la ku Norway, ndipo kampani ya Sandoz itayamba kumufufuza cha m'ma 1970 inkayembekezera kuti akhala mankhwala opha mafangasi. Tacrolimus anapezeka mu 1984 mwa bakiteriya wa m'dothi la pafupi ndi phiri la Tsukuba ku Japan. M'mbale ya mu labotale, onse awiri amaletsa Cryptococcus kukula pa madigiri 37.

Vuto ndi chibale chija. Maselo athu a chitetezo otchedwa T, amene ma CD4 ali m'gulu lake, nawonso amadzutsidwa ndi calcineurin. Ntchito yeniyeni ya mankhwala awiriwa m'zipatala ndi kufooketsa dala chitetezo cha munthu amene waikidwa impso kapena chiwindi cha wina, kuti thupi lisachikane. Kuwapereka kwa munthu amene ma CD4 ake atsala ochepa kale kungakhale kumumaliza. Ngakhale zili choncho, madokotala anaona kuti mwa anthu oikidwa ziwalo amene anadwala Cryptococcus, omwe ankamwa mankhwala otseka calcineurin ankapulumuka kwambiri kuposa anzawo, zimene zikusonyeza kuti ganizoli si lopanda pake. Mu 2019 akatswiri a ku Duke ndi anzawo anaunika kaumbidwe ka calcineurin ya fangasi ndi ya munthu, anapeza pamene zimasiyana pang'ono, n'kusema tacrolimus watsopano wotchedwa APX879 amene safooketsa chitetezo kwambiri. Ameneyu anayesedwa pa mbewa. Sanafike pa bedi la wodwala.

Ku ulimi zinthu n'zosavutirapo. Mafangasi ali ndi mapuloteni ena omvera, otchedwa histidine kinase, amene nyama zilibe. Mankhwala a fludioxonil, amene amapakidwa pa mbewu zina zogulitsidwa m'mapaketi, amagwira ntchito kudzera mwa mapuloteni amenewa. Iwo sagonthetsa fangasi koma amamunamiza. Amadzutsa njira ya MAP kinase yotchedwa Hog1, imene nthawi zonse imachenjeza selo kuti kunja kwauma kapena kwachuluka mchere. Selo limadzaza glycerol kuti lisunge madzi, pamene kunja madzi alipo ambiri. Madziwo amalowa mosaletseka, ulusi umatupa n'kuphulika.

Kwa anthu, mankhwala amene tili nawo lero sagunda uthenga ayi. Amphotericin B, wa m'zaka za m'ma 1950, amaboola khungu la selo la fangasi. Fluconazole amaletsa kupangidwa kwa mafuta a khungulo. Flucytosine amasokoneza kupangidwa kwa DNA ndi RNA. Ndi akale, koma kagwiritsidwe ntchito kake kasintha, ndipo odwala a ku Malawi anatengapo mbali yaikulu. Kafukufuku wa ACTA, wochitikira ku Malawi, Zambia, Tanzania ndi Cameroon n'kufalitsidwa mu 2018, anasonyeza kuti sabata imodzi ya amphotericin B pamodzi ndi flucytosine imapulumutsa anthu ambiri kuposa njira zina zimene anayesa. Kenako kunabwera kafukufuku wa AMBITION, wa anthu 844 ku Botswana, Malawi, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe, kuphatikizapo odwala a ku zipatala za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Anapeza kuti diripi imodzi yokha ya amphotericin wokutidwa m'mafuta, yotsatiridwa ndi mapiritsi a flucytosine ndi fluconazole kwa masiku 14, imagwira ntchito mosachepera diripi ya sabata yathunthu, ndipo siwononga impso ndi magazi kwambiri. Pomatha masabata 10, omwalira anali 24.8 peresenti poyerekeza ndi 28.7 peresenti. WHO inavomereza njirayi mu 2022.

Manambalawa ndi abwino poyerekeza ndi kale, komabe akutanthauza kuti ngakhale pachisamaliro chabwino cha kafukufuku, wodwala mmodzi mwa anayi alionse anamwalira. Mankhwala ogonthetsa fangasi akufunikadi, ndipo ndalama zowafufuzira si zotayika. Koma sangabwere chaka chamawa, ndipo chimene chikutha kupulumutsa anthu panopa ndi kufulumira. Zidutswa za chikuto chija zimayamba kuyandama m'magazi masabata angapo mutu usanayambe kupweteka, ndipo kachipangizo koyezera kotchedwa CrAg kamazipeza m'mphindi pafupifupi 10. Munthu akapezeka nazo msanga, madokotala amaona ngati fangasi wafika ku ubongo, ndipo ngati sanafike amamuyambitsa mankhwala omutchinga.

Tsono ngati muli ndi HIV ndipo mwangoyamba kumene ma ARV, kapena munawasiya kwa kanthawi, pemphani kuti akuyezeni CD4, ndipo ikakhala yotsika akuyezeninso CrAg. Ngati m'bale wanu wotere wakhala ndi mutu kwa masiku angapo, akusanza, akusokonezeka kapena khosi lauma, musadikire kuti muone mmene kuchere, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Adokotala akapempha kuchotsa madzi a pamsana, vomerani. Ambiri amaopa chifukwa anaonapo wina akumwalira atachotsedwa madziwo, koma chimene chimapha ndi fangasi ndi madzi odzazana mu ubongo, ndipo kuwachotsako kumachepetsa mutu, kumateteza maso, ndipo nthawi zina kumayenera kubwerezedwa kangapo.